Belo ndi chipereganyu: mbiri ya geni ya kaunjika ku Kuwadzana

Amayi anzanga, aliyense wa ife amene anatsegulapo belo akudziwa kamphindi kaja kamene mtima umagunda ngati ng'oma. Waya wadulidwa, chisaka chang'ambidwa, zovala zimene zinapanikizidwa kutsidya kwa nyanja zayamba kufufuma ngati mtanda wa mandasi, ndipo kafungo kake kadzaza chipinda chonse. Pamenepo umakhala usanadziwe ngati ndalama ya gulu imene wabwereka ibwerera ndi phindu kapena wagula nsanza zokolopera pansi. Akomiti atandipempha kulemba mbiri ya geni imeneyi kuno ku Kuwadzana kuti ilowe m'kabuku kathu kachikumbutso, ndinayendera amayi achikulire a m'magulu athu kuti andikumbutse zakale. Ndikawafunsa za belo ankandiyankha za chipereganyu, ndikawafunsa za chipereganyu ankandiyankha za belo. Ndinazindikira kuti ziwirizi zinakulira limodzi ngati mapasa, ndipo zinapulumutsana kangapo pamene ndalama ya dziko inasanduka mapepala wamba.

Tisanafike ku Kuwadzana

Anzathu a ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete amene muwerenge kabukuka mwina mumadabwa kuti Chichewa chikutani ku Harare. Azigogo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, Malawi akutchedwa Nyasaland ndipo Harare akutchedwa Salisbury. Ena anayenda wapansi kudutsa ku Tete, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Ambiri sanabwererenso kwawo, n'kukhala matchona. Amene ankabwerera, anthu akumudzi ankawayeza ndi zimene zili m'sutikesi: jekete, chipewa, bulangete, diresi la mayi wa kunyumba. Zambiri mwa zovalazi sizinali zatsopano. Zinali zosiyidwa ndi mabwana, zogula pamalonda a zinthu zakale amene mipingo ya azungu inkachititsa, kapena zosinthana ndi mnzako pakomboni. Choncho chovala chovalidwapo kale chinali chuma kwa anthu athu belo lisanadziwike n'komwe.

Kusonkherana nakonso n'kwakale. Ku Harari, komwe lero timati ku Mbare, ku Highfield ndi ku Mufakose, anthu athu anali ndi mabungwe a maliro, poti mlendo akamwalira kutali ndi kwawo pamafunika bokosi, ufa ndi anthu okumba manda. Amayi ambiri sankalembedwa ntchito m'tauni, motero ankalima masamba m'madambo, kusoka, kuluka ndi kufulula mowa mobisa. M'chaka cha 1963 Brother Francis Waddelove wa Chikatolika anayambitsa makalabu osunga ndalama m'dziko muno, ndipo anafalikira kwambiri pakati pa amayi. Njira yopatsana ndalama mosinthana ili ndi dzina kulikonse kumene mamembala athu ali: ku Malawi chipereganyu, ku Zambia chilimba, ku Mozambique xitique, ku South Africa stokvel, kuno timati maraundi kapena mukando.

Nyumba inafuna ndalama yachiwiri

Kuwadzana ndi mwana wa ufulu. Dziko litalandira ufulu mu 1980, anthu anakhamukira mumzinda ndipo makomboni akale anadzaza. Cha m'ma 1984 khonsolo inayamba kugawa mapoloti, kapena kuti masitandi monga timanenera kuno, kumadzulo kwa mzinda m'mbali mwa msewu wa ku Bulawayo, pafupi ndi Dzivarasekwa ndi Warren Park, ndi thandizo la ndalama lochokera ku bungwe la USAID. Dzinali m'Chishona limatanthauza kumvana kapena kukhalirana bwino. Amayi a mpingo wa Methodist amatchedwa a Ruwadzano kuchokera ku mawu omwewo, monga ife a CCAP timanenera kuti Chigwirizano kapena Mvano.

Chimene chinasiyanitsa Kuwadzana ndi makomboni akale n'chakuti kuno munthu ankayenera kumanga yekha. Wapatsidwa poloti, madzi ndi msewu zilipo, koma njerwa, simenti, malata, zitseko ndi mmisiri zili kwa iwe, ngongole ikudikira kumapeto kwa mwezi uliwonse. Malipiro a bambo wa ku fakitale ya ku Workington kapena ku Southerton ankathera pa ufa, basi ndi ngongoleyo. Ndalama yomalizira chipinda chachitatu ndi chachinayi inkachokera kwa alendi ndi ku geni ya mayi. Ndikamayenda m'misewu ya pa Kuwadzana 2 kapena pa 4 ndimadziwa nyumba zimene mawindo ake anagulidwa ndi singano yolukira.

Ndikunena singano chifukwa geni yodutsa malire ya zaka zimenezo inayambira pa madoilo. Amayi ankaluka nsalu zoyala pamipando, patebulo ndi pabedi, n'kukwera basi kapena sitima kupita ku Botswana ndi ku South Africa, kukayenda khomo ndi khomo m'makomboni a ku Johannesburg. Wogula wina ankalipira ndalama, wina ankati mudzatenge mwezi wamawa, ndipo wina wopanda ndalama ankatulutsa madiresi, majuzi ndi nsapato zimene sakuvalanso. Mayi ankabwerera ndi zikwama zodzaza zovala zosinthanitsa ndi madoilo, kuphatikizapo mawotchi, mapoto ndi tizipangizo timene kuno tinkasowa chifukwa boma linkaumira ndalama yakunja. Zovalazo ankazichapa, kuzisita ndi kuziyendetsa kwa aneba ndi kwa anzake a kutchalitchi. Anzathu Achishona ankazitcha mazitye. Panthawiyo munthu ankagula mobisa, ndipo ukamufunsa ankati azakhali anditumizira kuchokera ku Joni.

Njira ya kwathu ku Malawi inali yoopsa zaka zimenezo. Kuchokera ku Harare kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600 kudzera ku Nyamapanda, Tete, Zobue ndi Mwanza, koma nkhondo ya ku Mozambique inachititsa kuti magalimoto aziyenda mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Amayi ochepa okha ndi amene ankalimba mtima kuyenda ulendo umenewo ndi katundu.

Belo lifika

Zinthu zitatu zinachitika motsatizana. Mu 1991 boma linayamba ndondomeko ya chuma yotchedwa ESAP, imene inatsegula zipata kuti katundu wakunja azilowa, inachotsa thandizo la boma pa mitengo ya zakudya, ndipo makampani ndi boma lomwe anayamba kuchepetsa antchito. Mu 1992 kunagwa chilala chimene sitidzaiwala, chaka cha ufa wachikasu. Mu October chaka chomwecho boma la Mozambique ndi Renamo anasainirana mtendere ku Rome, ndipo misewu ya ku Beira ndi ku Tete inatseguka. Bambo wachotsedwa ntchito, mitengo yakwera, ndipo tsidya linalo la malire kuli zovala zotchipa zounjikana. Mayi wa ku Kuwadzana sanafunike womuuza chochita.

Belo limachokera kutali. Anthu a ku Britain, America, Canada ndi maiko ena olemera amapereka zovala zawo kumabungwe achifundo monga Oxfam ndi Salvation Army. Mabungwewo amagulitsako zochepa m'masitolo awo, zotsalazo amagulitsa kumakampani amene amazisankha mtundu ndi mtundu, kuzipanikiza ndi makina m'mabelo a makilogalamu pafupifupi 45, n'kuzikweza m'makontena. Wopereka uja amaganiza kuti wapatsa mmphawi mwaulere, osadziwa kuti juzi lake ladutsa m'manja mwa amalonda angapo lisanafike pa waya wa pakhomo panga. Ku Mozambique zovalazi amazitcha calamidades, chifukwa poyamba zinkabwera ngati thandizo pa nthawi ya nkhondo ndi njala. Ku Zambia ndi salaula, mawu Achibemba onena za kusankha pamulu, ndipo mayi wina wofufuza, Karen Tranberg Hansen, analemba buku lonse la mbiri yake lotchedwa Salaula limene linatuluka mu 2000. Kwathu ndi kaunjika, kuno ndi mabhero. Anyamata a ku Harare anawonjeza dzina lachipongwe lakuti kotamai boutique, sitolo yogula chowerama.

Likulu la geni imeneyi linakhala msika wa Mupedzanhamo ku Mbare. Dzinalo likutanthauza wothetsa mavuto, ndipo amene analitcha sanalakwitse. Chapafupi pomwepo pali Siyaso, kumene amuna amagulitsa zitsulo, zitseko, mapaipi ndi zida zakale za magalimoto. Koma amayi ambiri a ku Kuwadzana analibe tebulo ku Mupedzanhamo. Iwo anali aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'nyumba za ku Avondale ndi ku Mabelreign, kapena amayi apakhomo. Kaunjika inali geni yapambali: kulawirira ku Mbare tsiku lotsegula mabelo, kupikula zidutswa zabwino, kubwerera pa kombi, kuchapa, kusoka batani lothothoka, kusita, kenako kunyamula chikwama kupita nacho kuntchito Lolemba.

Ana athu amaona ngati geni imeneyi ndi yongoyala zovala pansi, choncho ndifotokozeko mmene phindu limabwerera. M'belo limodzi muli magulu atatu. Muli zochepa zokongola kwambiri, zina zikadali ndi kapepala ka kusitolo, ndipo zimenezi ndizo zimabweza mpamba. Muli zapakatikati zambiri, zimene zimabweretsa phindu pang'onopang'ono. Pansi pake pali zong'ambika, zothimbirira ndi zazikulu zoti palibe angavale, zogulitsa mtengo wotaya kapena kupita nazo kumafamu kukasinthanitsa ndi chimanga, mtedza ndi nkhuku. Amene amagula belo lathunthu amatenga phindu lonse pamodzi ndi tsoka lonse. Amene amangopikula zosankha amalipira mokwera koma amagona tulo. Ndiye pali nyengo: majuzi ndi mabulangete ayenera kukhala atafika May asanathe, zovala za ana zimayenda mu December, ndipo mu January palibe amene amagula kanthu chifukwa ndalama yonse yapita kufizi ndi yunifolomu. Chovuta koposa ndi ngongole. Kasitomala wa ku ofesi amatenga lero n'kulonjeza kumapeto kwa mwezi, ndipo kabuku ka angongole kamatha kunenepa kuposa chikwama cha ndalama.

Apa ndi pamene chipereganyu chinalowera. Mtengo wa belo unali woposa zimene mayi mmodzi akanasunga pamalipiro ake, ndipo banki inkafuna chikole ndi kalata ya kuntchito. Koma amayi khumi akamasonkha mwezi ndi mwezi, aliyense ankafikiridwa tsiku lake lolandira ndalama yokwanira belo ndi ulendo. Ena ankagawana belo limodzi anthu atatu, n'kumasankha mosinthana chidutswa chimodzichimodzi kuti pasakhale wodandaula. Mbali inayo, gulu linkayenda bwino chifukwa mamembala ake anali ndi geni yobweretsa ndalama sabata ndi sabata. Gulu la anthu odikira malipiro okha likanafa mwezi woyamba umene bwana wachedwa kulipira. Pambuyo pake kunabwera njira ya banki m'khonde, imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, yobwereketsana ndi chiwongoladzanja n'kugawana kumapeto kwa chaka. Inapeza amayi a kaunjika atazolowera kale kulemba m'kabuku.

Sindingabise kuti geni yathu inali ndi owawidwa nayo. Dziko lino limalima thonje, ku Gokwe ndi madera ena, ndipo linali ndi mafakitale akuluakulu a nsalu. Pakati pa zaka za m'ma 1990 fakitale ya Cone Textiles ku Chitungwiza inatsekedwa ndipo anthu masauzande anataya ntchito. David Whitehead ya ku Chegutu ndi ku Kadoma inayamba kudwaladwala, monganso inzake ya dzina lomwelo ku Blantyre imene inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Eni mafakitale ndi mabungwe a antchito ankaloza chala mabelo. Zifukwa zinalipo zambiri, monga chilala, kukwera kwa chiwongoladzanja cha kubanki ndi msonkho umene South Africa inaika pa nsalu zathu, koma kunena kuti belo linalibe mbali kungakhale kunama. M'nyumba zina za ku Kuwadzana bambo anachotsedwa ntchito yosoka malaya, ndipo banja linadya chifukwa mayi ankagulitsa malaya a m'belo. Matelala a pakhonde nawo anasiya kusoka zatsopano n'kuyamba kuchepetsa ndi kukonza za kaunjika.

Zaka za moto

Pa 14 November 1997 dola ya Zimbabwe inagwa kwambiri tsiku limodzi, ndipo kuyambira pamenepo wogula katundu kunja anayamba kuwerengera kawiri. Mu 2000 minda ya azungu itayamba kulandidwa, antchito a m'mafamu, ambiri mwa iwo a mtundu wathu ndi a ku Mozambique, anasowa pokhala, ena n'kudzadzaza tizipinda ta kuseri kwa nyumba za abale awo m'makomboni. Msika wa kumafamu, kumene tinkagulitsa zotsalira za belo pa tsiku la malipiro, unatha. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ambiri obadwira konkuno kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti ndi alendo pa chitupa chawo. Kwa mayi wa geni nkhani imeneyi inali ya pasipoti, ndipo wopanda pasipoti ankatuma mnzake wa m'gulu kukamugulira katundu. Zinakonzedwa ndi malamulo aakulu a dziko a 2013, amene anazindikira obadwira muno kwa makolo a m'maiko a SADC kuti ndi nzika.

Kenako mu May 2005 kunabwera Murambatsvina. Misika ya m'misewu, timashopu ta pakhomo ndi tizipinda tomanga popanda pulani zinagwetsedwa m'mizinda yonse, nthawi yozizira. Anna Tibaijuka, amene bungwe la United Nations linamutuma kudzaona, analemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, geni kapena zonse ziwiri. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Nanga mdzukulu wa mtchona, wobadwira ku Mufakose, amene ku Dedza kapena ku Mangochi amangokumva m'nkhani za agogo, akanabwerera kuti? Mayi wina wa m'gulu lathu anandiuza kuti katundu wake yense anatengedwa tsiku limodzi, zovala za belo limene anali asanabweze ngongole yake. Gulu linakumana m'khitchini mwa msungichuma n'kugwirizana kuti ngongoleyo iimitsidwe kaye popanda chiwongoladzanja, ndipo aliyense anam'patsa zidutswa ziwiri kapena zitatu za katundu wake kuti ayambirenso. Anzathu a ku Malawi anaona zofananako mu April 2006, mavenda atachotsedwa m'misewu ya ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu pa Operation Dongosolo, ngakhale kuti kumeneko nyumba sizinagwetsedwe ngati kuno.

Chimene amayi anaphunzira pa Murambatsvina n'chakuti katundu asamakhale pamalo amodzi. Geni inabwerera m'chikwama ndi m'chipinda chogona, kumene inayambira.

Ndalama itafa

Zaka za 2007 ndi 2008 ndizo zinayesa magulu athu kuposa china chilichonse. Mu August 2006 banki yaikulu inachotsa maziro atatu pa ndalama, mu August 2008 inachotsa khumi, ndipo mu February 2009 inachotsanso 12. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu July 2008 mitengo inkakwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka. Mu January 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Pakati pa 2007 boma litalamula kuti mitengo itsitsidwe, mashelefu a m'masitolo anatsala mbee. Anthu ankagona pamzere kubanki kuti atape ndalama yosakwana buledi. Penshoni za azibambo amene anagwira ntchito zaka 30, inshuwalansi za maliro ndi mabuku a ku positi ofesi zonse zinasungunuka.

Taganizirani chimene zimenezi zinachita ku chipereganyu. Amayi khumi akusonkha ndalama yofanana mwezi uliwonse. Woyamba kulandira wagula belo. Wachisanu walandira ndalama yomweyo n'kugula botolo la mafuta ophikira. Wakhumi walandira ndalama yosakwana kukwera kombi kupita m'tauni. Palibe waba, palibe wanama, koma mmodzi wadya thukuta la anzake onse. Magulu ambiri anatha chaka chimenecho, ndipo pali maubwenzi amene sanabwererenso mpaka lero.

Amene anapulumuka anasiya kuwerengera m'ndalama ya dziko. Ena anayamba kusonkha ma rand ndi madola a ku America mobisa, malamulo asanalole. Ena anasonkha katundu: sopo, shuga, mpunga, mafuta ophikira, mapoto, mabulangete. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo chaka chimenecho ndalama ya m'manja inalidi ya mphepo. Mayi wa kaunjika anali ndi mwayi umene mphunzitsi wodalira malipiro analibe. Chuma chake chinali m'majuzi ndi m'nsapato, ndipo juzi la mu January linali juzi lomwelo mu June. Ankatha kupita nalo ku Mhondoro kapena ku Zvimba n'kubwera ndi ndowa ya chimanga osagwira ndalama ngakhale imodzi. Aphunzitsi ndi anamwino ambiri amene kale ankagula kwa ife mwamanyazi anasiya ntchito n'kudzatipempha kuti tiwaphunzitse njira ya ku Chimoio ndi ku Musina. Geni yapambali ija inasanduka mzati wa nyumba.

Ubale wodutsa malire unaonekeranso phindu lake nthawi imeneyo. Amene anali ndi achibale ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku Tete anali ndi pogona akapita kukaoda, anali ndi womusungira ndalama m'dziko limene ndalama yake siinkasungunuka usiku umodzi, ndipo chinenero chimene ana athu ankachita nacho manyazi kusukulu chinakhala chida cha malonda pa Soweto Market ku Lusaka ndi pamsika wa Limbe.

Dola, chiletso ndi njira za kutchire

Kuyambira kumayambiriro kwa 2009 dziko linaloleza dola ya ku America ndi rand, ndipo geni inaphuka ngati bowa. Mitengo inakhazikika, magulu anayambiranso kulemba manambala odalirika, ndipo EcoCash itabwera mu 2011 zinatheka kutolera ngongole ndi masheya popanda kuyenda. Mabelo ankatsika padoko la Beira, kudzera ku Chimoio, kuwoloka pafupi ndi Mutare, ena n'kutsegulidwa pamsika wa Sakubva konko, ambiri n'kufika ku Mbare usiku. Mfuu ya dola pa ziwiri inamveka paliponse. Amayi ena anawonjezera katundu wina wakale monga mafoni, mafiriji, masitovu, zidole za ana ndi makatani.

Boma silinasangalale nazo. Kumapeto kwa 2011 linaletsa kulowetsa zovala zam'kati zovalidwapo kale, ndipo pamenepo ambiri a ife sitinatsutse. Mu July 2015 nduna ya zachuma, a Patrick Chinamasa, analengeza kuti kuyambira pa 1 September zovala ndi nsapato za kaunjika zisalowenso m'dziko, ati pofuna kuteteza mafakitale ndi umoyo wa anthu. Mu 2016 lamulo la Statutory Instrument 64 linaletsa kulowetsa katundu wina wambiri popanda chilolezo, ndipo pa 1 July chaka chimenecho ku Beitbridge kunabuka zipolowe mpaka nyumba yosungiramo katundu wolandidwa inatenthedwa. Mkanganowu si wa kuno kokha. Maiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana mu 2016 zothetsa kaunjika pofika 2019, America inawaopseza kuti iwachotsera mwayi wa malonda wa AGOA, enawo anabwerera m'mbuyo, Rwanda yokha ndi imene inalimbikira ndipo inalangidwa mu 2018.

Maganizo anga ndi akuti chiletso sichinatsegule fakitale ngakhale imodzi imene mayi wa ku Kuwadzana angaloze. Chimene chikanalowa m'malo mwa belo si malaya a ku Chegutu, koma zovala zatsopano zotchipa za ku China zimene zimatha ukangochapa kawiri, ndipo makasitomala athu amadziwa kusiyana kwake. Mabelo sanasiye kubwera. Anangosintha njira, n'kumadutsa m'mapiri usiku pamitu ya anyamata aganyu, m'malire amene madera ena munatsala mabomba okwirira a nkhondo ya m'ma 1970. Mtengo unakwera chifukwa panjira pali manja ambiri ofuna kangachepe. Wamalonda wamkulu wokhala ndi lole ndi anzake apamwamba amadutsa, wolandidwa katundu amakhala mayi wa mabelo awiri pa basi. Ndipo tonse tikudziwa, ngakhale sitikonda kuzinena pamsonkhano, zimene amayi ena akumana nazo m'njira zimenezo kwa amuna amene anawalonjeza kuwaolotsa.

Mamembala ambiri amafunsa za ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, imene inayamba mu 2010 pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo ili ndi maofesala othandiza pazipata monga Chirundu ndi Mchinji. Ndi yothandizadi, koma imakhudza katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'maiko athu momwemuno amene ali pamndandanda wogwirizana. Belo lochokera kutsidya kwa nyanja mulibemo. N'chifukwa chake ena mwa amayi athu anayamba kugawa mpamba pawiri, mbali ina ku kaunjika wogula konkuno, mbali ina ku katundu amene angadutse naye pachipata masana ndi mapepala ake.

Kumene tafika

Pa 30 March 2020 dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Zipata zinatsekedwa kwa miyezi yambiri, Mupedzanhamo anakhala wotseka nthawi yaitali, ndipo makombi analetsedwa. Geni inasamukira pa WhatsApp ndi pa Facebook: kujambula diresi lili pa hang'ala, kulemba saizi ndi mtengo, kutumiza mnyamata kukapereka. Atsikana a masiku ano amachita bwino pamenepa kuposa ife, ndipo sachitanso manyazi. Amanyadira kuti chovala chawo palibe wina ali nacho mumsewu wonse. Mipanda ndi mageti a ku Kuwadzana zinasanduka masitolo, ndipo misika itatsegulidwa ambiri sanabwererenso ku Mbare.

Ndalama nayo sinasiye kutivutitsa. Mu November 2016 kunabwera ma bond note amene tinauzidwa kuti ndi ofanana ndi dola ya ku America, mu 2019 anasanduka dola ya RTGS n'kuyamba kutsika, ndipo mu April 2024 kunabwera ZiG. Gulu limene linasunga ndalama zake kubanki kapena pafoni mu 2018 linagawana zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene linasonkha. Anzathu a ku Malawi mwalawako: kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu February 2025 ogulitsa kaunjika a ku Lilongwe anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera kwa mtengo wa belo. Mafunso amene magulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akufunsa lero, akuti ngongole ilembedwe m'ndalama iti ndiponso kuti wolandira chipereganyu pomalizira atetezedwe bwanji, ndi omwe aja amene amayi a kuno analimbana nawo m'khitchini zaka zapitazo. Lina limene sitinagwirizanebe ndi lakuti ndalama ya gulu ibwerekedwe kapena ayi kwa membala amene tikudziwa kuti katundu wake adutsa kutchire, ndipo akalandidwa, ngongoleyo isenzedwe ndi ndani.

Mayi wachikulire amene anali msungichuma wa gulu lina la pa Kuwadzana 4 anandionetsa kabuku kake ka 2008, kope la sukulu lokutidwa ndi pepala la khaki. Masamba oyambirira ali ndi manambala amene maziro ake akusefukira mpaka kunja kwa mzere. Cha pakati pa chaka manambala aja anawadula ndi cholembera chofiira, ndipo kutsogolo kwa dzina lililonse analemba zimene munthu wabweretsa: sopo mitanda iwiri, shuga paketi imodzi, mafuta botolo limodzi. Pa dzina la mayi wina amene mwezi umenewo analibe chilichonse mwa zimenezi panalembedwa kuti majuzi a ana atatu, ndipo pambali pake pali siginecha za mamembala onse kuvomereza kuti alandiridwe.